Usiku umene amayi anandifunsa kumene kuli mng'ono wanga

Kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa achinyamata kutchalitchi kwathu. Sindine m'busa ndipo sukulu ya ubusa sindinaipondeko. Ndinkangokonda kuwerenga, ndiye abusa ataona kuti mafunso sindiwathawa, anandipatsa kalasi. Chaka china tinkadutsa m'Malamulo Khumi, limodzi limodzi. Titafika pa lamulo lakuti "Usaphe", mtsikana wina anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga munthu amene wadzipha yekha amapita kuti?"

Sindinaganize kawiri. Ndinati wodzipha wapha munthu, ndipo poti wafera m'tchimolo, mpata wolapa alibe, choncho kopita kwake n'kumodzi kokha. Ndinanena zimenezi nditaimirira, choko chili m'manja, mtima uli m'malo. Amayi anga tsikulo anali atakhala kumbuyo kwenikweni, akudikira kuti timalize akonze m'tchalitchimo. Anamva zonse. Mng'ono wanga analiponso, pa benchi yachitatu, akulembalemba pachikuto cha kope lake.

Patapita zaka zinayi, mng'ono wangayo anadzipha. Anali ndi zaka 27.

Zimene ndinaona koma osaziona

Momwe anachitira sindilemba, ndipo amene amandifunsa zimenezo ndimawapempha kuti asiye. Sizithandiza munthu aliyense.

Ntchito inali itamuthera, ngongole zinali zitamuzinga. Anasiya kupita kukwaya. Masana ankagona, usiku n'kumangoyendayenda m'nyumba. Tsiku lina anandibweretsera gitala yake n'kunena kuti, "Achimwene, tengani, ine sindiimbanso." Ndinathokoza, n'kuikoleka pakhoma. Madzulo ena titakhala awiri anandiuza chapansipansi kuti, "Achimwene, ine ndatopa." Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti mwamuna satopa, alimbe mtima, azipemphera kwambiri. Anagwedeza mutu. Nkhani inathera pomwepo, chifukwa ndine ndinaitseka.

Pamaliro anthu anabwera ambiri ndithu. Ulaliki unali wa kufupika kwa masiku a munthu, ndipo kuyambira pemphero loyamba mpaka lomaliza, dzina lake silinatchulidwe pafupi ndi dzina la Mulungu. Mlalikiyo sindimuimba mlandu. Nayenso ayenera kuti anali ndi yankho lomwe lija ndinali nalo ine, ndipo mwa chifundo anasankha kusalinena pamaso pa mayi wa malemu. Koma kukhala chete kuja kunalankhula mokweza kuposa ulaliki.

Usiku wachisanu ndi chinayi

Abale onse anali atabwerera kwawo. M'nyumba munatsala amayi ndi ine. Pakati pa usiku ndinaona kuwala pansi pa chitseko cha chipinda chake, ndipo nditatsegula ndinapeza amayi atakhala pabedi lake akupinda malaya ake. Ankapinda, n'kufunyulula, n'kupindanso. Kuyambira tsiku la maliro sanalire pagulu, moti anthu ankawayamikira kuti ndi olimba mtima.

"Khala pansi," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakhala pampando wa pafupi ndi chitseko.

"Iwe unaphunzitsa ana aja tsiku lija. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Tsopano ndiuze. Mwana wanga ali kumoto?"

Pakamwa panga panauma gwa. Ndinayamba kunena kuti amayi, ino si nthawi yake, mupume kaye. Anandidula mawu.

"Usandinyengerere ngati mwana. Ndine ndinamunyamula kupita naye ku ubatizo. Ndine ndinamuphunzitsa Pemphero la Ambuye asanadziwe n'kuwerenga komwe. Kutatsala masiku atatu anabwera kuchipinda kwanga n'kunena kuti amayi, tandipempherereni, ndipo tinagwada limodzi. Za manyazi, za anthu amene akunong'ona, ine sindikuziwerengera. Abambo ako atamwalira ndinadzitonthoza kuti ndidzawaona. Uyu ndidzamuona kapena ayi?"

Ndinayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako ndinati, "Sindikudziwa, amayi."

Anaika malayawo pamiyendo, n'kutukula maso koyamba usiku umenewo.

"Tsiku lija unkadziwa."

Sananene mokalipa. Akanakalipa bwenzi zikupepukirako. Anangonena ngati munthu amene akukumbutsa mnzake ngongole yakale, n'kupitiriza kupinda malaya. Ndinakhalabe pampandopo mpaka kunja kunayamba kuyera, ndipo palibe anawonjezera mawu ena.

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndinali mwana wamkulu, ndinalinso mphunzitsi wa mawu a Mulungu m'banjamo, ndipo nkhonya imene inandipeza usiku umenewo inali yanga yomwe. Ndinapereka chigamulo pa munthu wongomuganizira, wopanda nkhope, wopanda mayi ake. Chigamulocho chinandidikira zaka zinayi, n'kundipeza munthuyo ali ndi nkhope ya mng'ono wanga.

Ndinabwerera ku Baibulo ngati munthu wosalidziwa

Miyezi yotsatira ndinkawerenga usiku uliwonse. Ndinkafuna vesi limene ndinatsamirapo tsiku lija, ndipo ndinadabwa kupeza kuti sindinatsamire vesi lililonse. Ndinangobwereza zimene ndinamva ndikukula.

Anthu amene Baibulo limasimba kuti anadzitengera okha imfa ndi owerengeka. Abimeleki, mkazi atamuphwanya mutu ndi mwala wa mphero, anauza mnyamata womunyamulira zida kuti amumalize. Samisoni anagwetsa nyumba ya Dagoni iye ali momwemo. Mfumu Sauli inafera paphiri la Giliboa nkhondo itaipa, ndipo wonyamula zida zake anamutsatira. Ahitofeli, ataona kuti Abisalomu wakana malangizo ake, anapita kwawo, nakonza za pabanja pake, n'kudzipha. Zimiri analamulira masiku asanu ndi awiri okha. Womaliza ndi Yudasi.

Palibe pamene Baibulo likuyamikira imfa zimenezi. Zambiri ndi mathero omvetsa chisoni a miyoyo imene inali itasokonekera kale. Koma palibenso pamene likunena kuti chifukwa cha kafedwe kameneka, munthuyu watayika kosatha. Ahitofeli anaikidwa m'manda a atate wake, ndipo wolemba 2 Samueli 17 sakuwonjezerapo kanthu. Sauli anamuimbira nyimbo ya maliro ndi Davide, yemwe uja ankasakidwa ndi Sauliyo, ndipo Davide anadalitsa anthu a ku Yabesi Gileadi chifukwa chomuika m'manda mwaulemu. Buku la 1 Mbiri 10 likamafotokoza mlandu wa Sauli limatchula kusamvera Yehova ndi kufunsira kwa wobwebweta. Tsoka la Yudasi Yesu analinena Yudasiyo akadali moyo, ndipo linali la kupereka Mwana wa Munthu. Samisoni ndiye amapezeka pa Ahebri 11:32, m'gulu la anthu achikhulupiriro.

Tchimo limodzi lokha limene Yesu anati silikhululukidwa lili pa Marko 3:29, ndipo ndi kuchitira mwano Mzimu Woyera. Kudzipha sanakutchule.

Komabe chiphunzitsocho sichinangotumphuka

Apa ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa mu ukali wanga wa miyezi yoyamba ndinkafuna kutaya chiphunzitso chonse. Nditafufuza kumene chinachokera, ndinalephera kuchitaya.

Munthu amene anachiika m'mawu omveka ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa. M'chaka cha 410 mzinda wa Rome unagwa m'manja mwa ankhondo a Alaric. Akazi ambiri achikhristu anagwiriridwa, ndipo ena anadzipha pothawa zimenezo kapena pothawa manyazi ake. Panali anthu amene ankawatamanda kuti asankha bwino. M'dera lake lomwelo munalinso kagulu ka anthu amene ankafunafuna imfa dala kuti atchedwe ofera chikhulupiriro. Augustine anayankha kuti lamulo limati "Usaphe" basi, silinawonjezere kuti "mnzako" monga likuchitira lamulo loletsa umboni wonama, choncho limakhudzanso munthu mwini wake. Ndipo kwa akazi opulumukawo ananena kuti tchimo ndi la wogwirirayo, iwo sanadetsedwe, palibe chifukwa chofera. Za amene anali atafa kale anafunsa kuti ndani ali ndi mtima wa umunthu angakane kuwakhululukira.

Nditawerenga zimenezi ndinaona kuti chiphunzitsochi chinabadwa ngati dzanja logwira munthu wamoyo kuti asagwe. Chinkalankhula kwa mkazi wosweka mtima kuti moyo wako ukadali wamtengo wapatali, khala nafe.

M'zaka za m'ma 1200, katswiri wa maphunziro a zaumulungu Thomas Aquinas anapereka zifukwa zitatu. Kudzipha kumatsutsana ndi chikondi chimene munthu ayenera kudzikonda nacho, kumavulaza anthu amene iye ndi mbali yawo, ndipo kumalanda Mulungu chinthu chimene mwini wake ndi Iyeyo. Chifukwa chachiwiricho sindifunikira buku kuti ndichikhulupirire. Ndinachiona chikupinda malaya pakati pa usiku. Mng'ono wanga ayenera kuti ankaganiza kuti akutipeputsira katundu, koma ululu wake sunapite naye kumanda. Unagawika pakati pathu, ndipo aliyense anasenza chigawo chake.

Nawo makatekisimu a mipingo yokonzedwanso (Reformed) amanena chimodzimodzi. La Heidelberg, la m'chaka cha 1563, limayamba ndi kunena kuti chitonthozo changa pa moyo ndi pa imfa n'chakuti sindine wa ine ndekha, ndine wa Yesu Khristu. La Westminster likamafotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi limati tiyenera kuyesetsa kusunga moyo wathu ndi wa anzathu. Muzu wa zonsezi ndi Genesis 1:27, kuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Mtengo wa munthu suchokera pa ntchito imene ali nayo kapena ngongole imene wabweza. Wolemala, wokalamba, wandende, wochotsedwa ntchito amene akugona masana, onsewo chifanizocho ali nacho chathunthu.

Zimenezi ndimazikhulupirirabe ndi mtima wonse. Kudzipha n'kulakwa. Moyo tinachita kupatsidwa kuti tiusunge.

Kumene zinthu zinakhotera ndi pamene mpingo unachotsa dzanja lija pa amoyo n'kuliloza kwa akufa. Kuyambira m'zaka za m'ma 500, misonkhano ya mabishopu, monga wa ku Braga, inalamula kuti wodzipha asaimbiridwe masalimo pomuika m'manda. Ku England katundu wa munthu wotere ankalandidwa ndi boma, mtembo wake n'kukwiriridwa pamphambano. Kukwirira pamphambanoko kunaletsedwa mu 1823, ndipo kudzipha kunakhalabe mlandu kumeneko mpaka 1961. Cholinga chinali kuopseza ena. Koma wakufa chilango sachimva. Amene ankachimva ndi amasiye, ana ndi amayi ngati anga.

Nkhani ya mpata wolapa

Mfundo imene ndinaimirapo tsiku lija inali yakuti analibe nthawi yolapa. Ndaisinkhasinkha kwambiri ndipo ndaona kuti ikutsutsana ndi uthenga umene ndinkaphunzitsa m'kalasi yomweyo masabata ena onse.

Tiyerekeze Mkhristu wakangana ndi mkazi wake m'mawa, watukwana, watuluka ali wokwiya, ndipo galimoto yamugunda asanapepese. Kodi tinganene kuti zaka zake zonse zokhulupirira Khristu zafafanizika chifukwa cha mphindi khumi zomaliza? Ngati chipulumutso chimadalira kuti mpweya womaliza ukupeze utaulula tchimo lililonse, ndiye kuti tonse tikuyenda pa ulusi, ndipo chimene chimatipulumutsa si mtanda koma mwayi wa nthawi yofera. Paulo pa Aroma 8:38-39 akutchula zinthu zimene sizingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu, ndipo choyamba pa mndandandawo ndi imfa. Sanasiyanitse mitundu ya imfa.

Martin Luther, polankhula ndi anzake patebulo mu 1532, ananena kuti sagwirizana ndi oti odzipha onse ndi otayika ndithu. Anati sachita zimenezi mwa kufuna kwawo koma amagonjetsedwa ndi mphamvu ya Satana, monga munthu amene waphedwa ndi wachifwamba m'nkhalango. Mpingo wa Katolika, umene malamulo ake a 1917 ankamana odzipha mwambo wa maliro, unachotsa chiletsocho m'malamulo a 1983. Katekisimu wake wa 1992 amanenabe kuti kudzipha n'kulakwa kwakukulu, koma amawonjezera kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, kuzunzika mumtima kapena mantha aakulu zingachepetse mlandu wa munthuyo. Amatinso tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chawo, chifukwa Mulungu ali ndi njira zimene amazidziwa yekha zopatsira munthu mpata wolapa.

Ine sindine Mkatolika, koma mawu amenewo ndinawawerenga ndikulira.

Palinso chimene makolo athu m'chikhulupiriro sankachidziwa bwino. Pali matenda amene madokotala amawatchula kuti depression. Si ulesi ndipo si kuchepa kwa pemphero. Amasokoneza tulo, chilakolako cha chakudya ndi kaganizidwe, mpaka munthu amafika pokhulupirira ndi mtima wonse kuti abale ake angapume bwino iye atachoka. Ndi bodza, koma kwa wodwalayo limaoneka loona ngati dzanja lake. Matendawa ali ndi chithandizo, cha uphungu ndi cha mankhwala, ndipo anthu amachira. Sikuti aliyense wodzipha amakhala ndi matendawa. Ena amagwa pa tsoka ladzidzidzi, manyazi, nkhanza kapena mowa. Koma mwa onsewo, kuyeza kuti pa ola lomaliza munthu anali ndi ufulu wochuluka bwanji wosankha n'kopitirira nzeru zathu. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Wowoloka kukafika kumeneko ndi Mulungu yekha, ndipo ine ndinadziika pampando wake ndili ndi choko m'manja.

Sindikunena kuti ndikudziwa kuti aliyense wodzipha ali kumwamba. Kutero kungakhale kubwereza kulakwa komwe kuja, kungosintha mbali. Ndikunena kuti kafedwe ka munthu si kamene kamagamula.

Pansi pa mtengo, ndi m'ndende ya ku Filipi

Zimene zinandisintha kwambiri si nkhani za amene anafa koma za amene ankafuna kufa n'kupulumuka. Ndi ambiri kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo si anthu wamba. Mose pa Numeri 11:15 anauza Mulungu kuti ngati zinthu zikhale chonchi, kuli bwino amuphe. Yobu anatemberera tsiku limene anabadwa. Yeremiya anachitanso chimodzimodzi. Yona anapempha imfa. Paulo analembera Akorinto kuti ku Asiya anapsinjika kopitirira mphamvu zawo mpaka anataya chiyembekezo chokhala ndi moyo. Salimo 88 limatha popanda kuwala kulikonse, mnzake wa woimbayo atatsala mdima wokha, ndipo Mulungu analola kuti pemphero lotero likhale m'buku lake.

Taonani Eliya pa 1 Mafumu 19. Wangopambana kumene pa phiri la Karimeli, moto watsika kumwamba anthu akuona. Yezebeli atamuopseza, akuthawira ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko. Kachidutswa kameneko kale sindinkakaona: anayamba wadzipatula kwa munthu yekhayo amene anali naye. Akuyenda tsiku lathunthu m'chipululu, akukhala pansi pa kamtengo, n'kunena kuti zakwana, Yehova, chotsani moyo wanga.

Ndikanakhala ine mngelo wotumidwa kwa iye, bwenzi nditamuuza kuti mneneri satopa. Mngelo weniweniyo anamukhudza n'kumuuza kuti adzuke adye. Panali mkate ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya n'kugonanso, ndipo anamusiya agone. Anabweranso kachiwiri ndi chakudya, n'kuvomereza kuti ulendowu wamukulira. Patapita masiku makumi anayi m'pamene Mulungu anamufunsa ku Horebu kuti ukuchita chiyani kuno, n'kumulola kukhuthula madandaulo ake kawiri konse. Kenako anakonza bodza limene linkamudya, lakuti watsala yekha: alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Anamupatsa ntchito, n'kumupatsanso Elisa woti aziyenda naye. M'mutu wonsewo mulibe chidzudzulo pa pempho lake lofuna kufa.

Ndiye pali Machitidwe 16. Paulo ndi Sila akwapulidwa, aponyedwa m'chipinda cham'kati, mapazi awo ali m'matangadza. Pakati pa usiku chivomezi chikutsegula zitseko zonse. Woyang'anira ndende akudzidzimuka, akuona zitseko zili pululu, akuganiza kuti akaidi athawa ndipo iye aphedwa m'malo mwawo. Akusolola lupanga. Kunali mdima, chifukwa vesi lotsatira likuti anaitanitsa nyali. Mu mdimamo Paulo anafuula ndi mawu aakulu kuti asadzipweteke, pakuti tonse tili muno.

Ndawerenga vesi limeneli kosawerengeka. Paulo ankadziwa Chilamulo kuposa ine, koma sanatchule lamulo. Sanamuopseze ndi gehena. Chifukwa chimene anamupatsa chinali chakuti tonse tili muno. Ndipo kuti mawuwo akhale oona, Paulo anayenera kukhaladi momwemo. Chitseko chinali chotsegula, msana uli ndi mabala, ndipo munthu wofuna kudziphayo anali yemwe anamumanga. Anasiya ufulu wake pakhomo kuti mdani wake aone m'mawa. Usiku womwewo munthu uja anatsuka mabala awo, ndipo anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwake.

Mng'ono wanga atandiuza kuti watopa, zimene ankafuna kumva zinali zimenezo. Ine ndinamupatsa lamulo la amuna n'kupita kukagona.

Foni ya m'tchalitchi

Mu 1935 mtumiki wachinyamata wa mpingo wa Anglican, Chad Varah, anatsogolera maliro ake oyamba. Anali a mtsikana wa zaka pafupifupi 14 amene anadzipha atayamba kusamba, poganiza kuti watenga matenda ochititsa manyazi. Analibe womufunsa. Nkhaniyi sinamuchoke mtumikiyo, ndipo mu 1953 anaika foni m'tchalitchi cha St Stephen Walbrook ku London, kuti aliyense woganiza zodzipha aziimba. Anthu ongodzipereka ankabwera kudzakhala ndi amene akudikira kuonana naye, ndipo iye anazindikira kuti ambiri ankapepukidwa atangomvetseredwa ndi anthu wambawo. Umo ndi mmene bungwe la Samaritans linayambira.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amafa podzipha, ndipo amuna amafa mowirikiza kawiri kuposa akazi. Ambiri mwa amenewa anakhalapo pa benchi ya tchalitchi kapena pafupi ndi munthu wopemphera. Timalalikira mwamphamvu kuti moyo ndi wopatulika, ndipo n'zoona. Koma ngati mnyamata wa pa benchi yachitatu sangathe kuuza aliyense mumpingo kuti akuganiza zofa, poopa kutchedwa wogwidwa ndi ziwanda kapena wopanda chikhulupiriro, ulaliki wathuwo wathera m'malere.

Anthu ogwira ntchito imeneyi amaphunzitsa chinthu chimene ine ndinkachiopa: kufunsa mosapita m'mbali. Kufunsa munthu kuti "Kodi ukuganiza zodzipha?" sikumuika maganizowo m'mutu. Nthawi zambiri kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, usamusiye yekha, chotsa pafupi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo pita naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa za maganizo. Pemphera naye, inde, koma pempherolo lisalowe m'malo mwa dokotala, monga sitichita pa munthu wothyoka mwendo. Nthawi ya chimphepo chachikulu m'maganizo imadutsa, ndipo ambiri amene apulumuka pa nthawi imeneyo amakhala ndi moyo zaka zambiri.

Iwe amene ukuwerenga uli pansi pa kamtengo kako, usatenge zimene ndalemba za chifundo cha Mulungu ngati chilolezo. Maganizo akuti abale ako apuma ukachoka ndi onama, ndikukuuza ine amene ndinatsala. Uza munthu lero, ngakhale mawu akhale atatu okha. Woyamba akakuyankha ngati momwe ndinayankhira ine, uza wachiwiri.

Mtsikana uja

Patatha chaka ndinabwerera m'kalasi, ndipo phunziro langa loyamba linali kupepesa. Ndinawauza kuti ndinaphunzitsapo chinthu chimene Mulungu sanandipatse kuti ndinene. Ambiri anali atsopano, sankadziwa n'komwe chimene ndikunena.

Mtsikana amene anafunsa funso lija anali atakwatiwa n'kusamuka, koma uthenga unamupeza, ndipo anandilembera. Anati tsiku lija sankafunsa za m'buku. Bambo ake anafa choncho iye ali wamng'ono, ndipo m'banja mwawo nkhaniyi sinkatchulidwa. Anasunga funsolo zaka zambiri kufikira atapeza munthu amene ankamuona ngati wodziwa. Nditamuyankha anapita kunyumba, ndipo kwa nthawi yaitali ankalephera kupemphera.

Sindinamufunse kuti bwanji ukufunsa zimenezi. Likanakhala funso laling'ono, la mawu atatu. Ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chimene mng'ono wanga anaphunzira tsiku limenelo ali pa benchi yachitatu. Mwina anali asanayambe kuvutika. Koma pamene mdima unamufikira, ankadziwa kale zimene achimwene ake amaganiza za anthu otere.

Kwa amayi ndinabwerera mochedwa, Baibulo lili m'manja, madzulo ena atakhala pakhonde. Ndinagwada pafupi nawo n'kunena kuti, "Amayi, funso lanu lija. Tsiku lija ndinalankhula zimene sindinatumidwe, mundikhululukire. Kumwamba sindinakuoneko, koma ndikudziwa amene mwana wanu anagwada pamaso pake kutatsala masiku atatu. Ameneyo ndiye woweruza, ndipo ndi yemweyo anamufera."

Sanayankhe. Ndinatsegula Aroma 8 n'kuwerenga mavesi awiri omalizawo, kuti ngakhale imfa, ngakhale moyo, ngakhale zinthu zilipo, ngakhale zimene zikubwera, ngakhale kutalika, ngakhale kuya, sizingathe kutilekanitsa ndi chikondi cha Mulungu chimene chili mwa Khristu Yesu.

Nditamaliza anakhala chete, maso ali kutali. Kenako anayamba kulira, kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku la maliro, mapewa akugwedezeka. Ndinawagwira dzanja mpaka anatonthola. Anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo n'kuloza Baibulolo.

"Pamene akuti kuya paja," anatero. "Tawerenganso pamenepo, pang'onopang'ono."